Utsi wa Majumbo

Anthu a ku Ndirande kuno amadziwa matenda onse. Mayi wogulitsa tomato pamsika akuuzani chimene chikukuvutani asanakuyang'aneni n'komwe kumaso. Ine nditabwera kuchokera ku Joni, mwezi usanathe anali atandipeza kale ndi matama, chamba, ziwanda ndi kukhwima. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunsa kuti kodi achemwali, kumeneko munaonako zotani. Ankafunsa za mabulangete.

Ndinapita mwana wanga Tamanda ali sitandade 2. Bambo ake anali atasamukira kale kwa mkazi wina ku Chirimba, ine ndikusoka pakhonde la sitolo ya munthu, kuika zigamba m'mathalauza a anthu. Amene anandikopa anali Esnati, mnzanga wa ku Bangwe amene tinaphunzira naye limodzi utelala. Anali wamfupi, wathupi, woseka mpaka kutsamwa. Anati, "Iwe, kumeneko akufuna manja ngati athuwa. Tiye tikasoke zenizeni."

Tamanda ndinamusiya kwa achimwene anga a Zuze ndi akazi awo. Alamu angawo analira padepoti ngati ndamwalira, kenako n'kundinong'oneza kuti nsapato amavala saizi sikisi.

Kumene tinafikira sikunali ku Joni kwa nyumba zosanja kumene mumaona m'mafoni. Inali tauni yaing'ono yozizira, ya mafakitale okhaokha, panjira ya ku Debeni. Fakitale yathu inali shedi yaitali ya malata yopanda chikwangwani. M'kati munali mashini m'mizeremizere, pamashinipo ife: Amalawi, a ku Lesotho, a ku Mozambiki. Tinkasoka majekete a nayiloni, oterera aja. Wina kolala, wina manja, wina zipi. Ine ndinali wa matumba. Zaka zonsezo sindinasokepo jekete lathunthu, matumba okhaokha. Esnati anali wa zipi, mashini ake ali kumbuyo kwanga.

Tinkagona kuseri kwa shedi yomweyo, m'tizipinda togawa ndi mabolodi. Mwini fakitale tinkangomuona Lachisanu. Wolimbana naye tsiku ndi tsiku anali kapitawo, Mmalawi mnzathu, mtchona amene anaiwala Chichewa mwadala. Ukamupatsa moni wa kwathu ankayankha m'Chizulu, uku akuyang'ana kumbali. Iyeyo ndiye ankasunga makiyi. M'mawa tikalowa, ankatuluka n'kukhoma chitseko chachitsulo ndi loko wamkulu, kunja. Ankati akutiteteza, kuti apolisi ofufuza mapasipoti akabwera aziona ngati mulibe anthu. Mashini akulira mpaka malata kunjenjemera, iye ati apolisiwo ndi ogontha. Zoona zake ankaopa kuti wina angatuluke ndi jekete m'chikwama.

Komabe tinkaseka. Esnati anaphunzitsa mayi wina wa ku Lesotho kuti kwathu munthu wolemekezeka timamupatsa moni woti "chitsiru iwe". Mayi uja, m'mawa uliwonse, ankapinda mawondo pamaso pa kapitawo n'kumupatsa moni umenewo ndi mtima wonse. Kapitawo poti anali atalumbira kuti Chichewa sachimva, ankangogwedeza mutu. Ife kumbuyo misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Lamulungu Esnati ankasaka usipa kwa matransipota, aja onyamula katundu pakati pa Joni ndi kuno, ndipo tinkaukazinga pa kasitovu kamodzi, chipinda chonse n'kununkhira kwathu. Madzulo ake ankandiluka tsitsi, akundikoka mutu ngati wa mbuzi.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kunyumba. Achimwene ankabweza zithunzi: njerwa, kenako malata, kenako alamu ataima pakhonde atavala nsapato zija. Tamanda ankaoneka kumapeto kwa chithunzi, theka la nkhope.

Unali mwezi wozizira kwambiri, m'mawa dzuwa litakwera ndithu. Tinali ndi hita ya parafini imene tinkabisa pansi pa tebulo lodulira nsalu, pakuti zala zikauma ndi chisanu singano imakubaya osamva. Amene anaigunda sindikumudziwa. Nayiloni sayaka ngati chitenje. Imasungunuka, imadontha, imakakamira pakhungu, ndipo utsi wake ndi wakuda bii, wolemera, wotseka pakhosi. Tonse tinathamangira kuchitseko. Tinachimenya ndi manja, ndi mipando, ndi mitu ya mashini. Kapitawo anali atapita kukameta. Zimenezo tinazimva pambuyo pake.

Ine ndinakumbukira kawindo ka kuchimbudzi, kamene amuna odula nsalu anachotsapo chitsulo chimodzi kuti azilandirirapo fodya. Ndinakwawa pansi osaona kanthu mpaka ndinafika. Ndinakwera pathanki, n'kutulutsa mutu, mapewa. Chiuno chinakanirira. Pomwepo dzanja linandigwira mwendo, pakakolo penipeni, zolimba, likundikokera m'mbuyo. Ndinaliponda. Ndinalipondanso ndi mphamvu zanga zonse mpaka linataya. Ndinagwera panja.

Padzanja limenelo panali mikanda, ndinaimva ikundikanda. Mu shedi monse muja, munthu amene ankakulunga kolona padzanja posoka anali Esnati yekha.

Ena anatulukira pawindo lomwelo pambuyo panga. Ena anatuluka anthu odutsa atathyola loko. Esnati sanatuluke.

Mwini fakitale sitinamuonenso. Kapitawo anafika atameta bwino, n'kudzigwetsa pansi akulira, ndipo tsiku limenelo Chichewa chake chinabwerera chonse. Amalawi a m'tauni muja anasonkhana n'kutumiza mtembo ku Bangwe. Ine sindinauperekeze. Ndinati mapepala anga sali bwino. Ndinagwira ntchito yokolopa m'nyumba ya anthu kwa miyezi ingapo, kenako ndinagula mashini osokera amagetsi ndi mabulangete, n'kukwera basi.

Achimwene anandipatsa kachipinda ka kuseri, m'nyumba ya malata anga omwe. Tamanda anali atatalika kundifika m'phewa. Anandikumbatira, ine n'kumangomuyang'ana pamutu ngati mwana wa aneba. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kusangalala, koma m'kati munali zii.

M'mawa woyamba alamu anatulutsa mbaula, n'kuunjika makala, n'kuyatsa jumbo lapulasitiki pamwamba pake kuti lidonthere. Ndi mmene Ndirande yense amakolezera moto. Utsi uja utalowa pansi pa chitseko, ndinapezeka ndili pamsewu, wopanda nsapato, chitenje chili m'manja, ndikukuwa kuti tsegulani, tsegulani. Kumeneko sikunali kukumbukira. Kukumbukira ndi kumene ndikuchita panoku, ndili pampando, ndikudziwa kuti lero ndi lero. Kuja ndinali mu shedi muja. Ndinkamva kutentha kumsana, ndinkamva mipando ikumenya chitsulo. Nditatsitsimuka ndinaona azimayi a pa kiyosiki ya madzi ataima ndi zidebe zawo, wina atagwira pakamwa kubisa kuseka.

"Utsi wa kwathu kuno ukuwanunkhira," anatero alamu. "Anazolowera zamagetsi."

Zinkachitika chomwecho kawirikawiri, pakuti m'mawa uliwonse khomo lililonse limayatsa jumbo lake. Ndinazula loko wa chipinda changa n'kukamutaya kudzala. Mu minibasi ndinkafuna mpando wa pakhomo basi, ndipo ndinatukwanapo kondakitala mpaka anthu ananditsitsa pa Ginnery Corner. Mashini anga amagetsi ndinawayatsa kamodzi kokha. Atangolira, ndinasanza, n'kuwaphimba ndi chitenje. Ndikaona telala pamsika ndinkawoloka msewu. Tulo tinkabwera pang'ono n'kuthawa, ndipo masana ndinkayenda ngati woledzera. Supuni ikagwa kumbuyo kwanga ndinkadumpha, kenako n'kupsa mtima ndi amene waigwetsa. Ku Limbe sindinkapitako, chifukwa makondakitala akamaitanira kuti Bangwe, Bangwe, thukuta linkanditsika mpaka m'miyendo. Mayi ake a Esnati anatumiza uthenga kawiri konse kuti akufuna kundiona. Sindinayankhe.

Achimwene anati mwina ndinaphunzira kusuta kumeneko. Anafufuza m'chikwama changa ine nditapita kosamba. Aneba anali ndi nzeru zoposa pamenepo. Anati taonani, anapita awiri, wabwera mmodzi ndi mashini atsopano, ndipo sakugona. Anapereka mnzake ameneyo, mzimu ukumulonda. Anthu oti sanafikepo ngakhale pa Mwanza, koma nkhaniyo ankaifotokoza ngati analipo. Chimene chinkandiwawa n'chakuti pa mabodza awo onse, limeneli ndinkalikhulupirira pang'ono.

Alamu anga ndi Akatolika m'mawa. Masana amapita kwa mneneri wina wa ku Machinjiri amene amapempheretsa m'kalasi ya sukulu. Anandikakamiza mpaka ndinalola kuti angondisiya. Mneneriyo anali ndi suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka ngati nsomba. Anandiimika kutsogolo, n'kulamula kuti atseke chitseko ndi mawindo kuti chiwanda chisathawire mwa ena. Ndinamva chitsulo cha chitseko chikulowa. Kenako anandigwira pamutu n'kukuwa m'chimkuzamawu:

"Moto! Moto! Moto paliponse!"

Mpingo wonse unalandira, "Moto!"

Ndinagubuduza mabenchi. Ndinaponda mayi wina woyembekezera phazi. Ndinkamenya chitseko ndi mutu, amuna anayi akundigwira mikono, anthu akuimba m'manja kuti chadziulula, chadziulula. Wina anajambula pafoni. Mlungu umenewo mneneri anapeza nkhosa zatsopano zambiri, ine ndinapeza chotupa pachipumi. Alamu anati mwaona nokha mmene chinalili champhamvu, tipitenso.

Zonsezo ndikanapirira. Koma tsiku lina masana ndinatsamira pamkeka pakhonde, tulo n'kundiba. Tamanda anali atabwereka penti wa zikhadabo kwa mnzake, nafuna kundidabwitsa, andipake zala za kumapazi ndisanadzuke. Anandigwira pakakolo.

Theche limene ndinamumenya linamuponyera pa chipupa. Mlomo unang'ambika, dzino la kutsogolo linabenthuka. Sanalire msanga. Anangondiyang'ana, magazi akutsikira pa yunifolomu, kabotolo ka penti kakadali m'manja.

Madzulo ake achimwene anandikhazika pansi. Anati, "Achemwali, ife tayesetsa. Musankhe nokha. Kapena mupite kumudzi ku Nsanje akakuoneni asing'anga achikuda, kapena tikusiyeni kuchipatala cha amisala ku Zomba. Koma mwanayu azigona kuno kwa ife, ndipo musamakhale naye awiriwiri."

Atero munthu amene anakhala pa sofa wogula ine. Koma ndinagonja, pakuti ndinali nditaona mlomo wa mwana wanga. Kuyambira tsiku limenelo Tamanda akafuna kundiyandikira ankayamba waima patali n'kunena kuti, "Amayi, ndine. Ndikubwera."

Kutchalitchi ndinkakhala benchi yomaliza, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo. Panali bambo wina wachikulire, wowonda, wa imvi, amene ankandiyang'ana moipidwa Lamulungu lililonse. Anthu ankawatchula kuti a Sajeni. Anali msilikali wopuma, anapitako ku Kongo ndi asilikali osungitsa mtendere, ndipo tsopano ankaweta nkhuku ku Makata. Tsiku lina pa Misa ya chikondwerero anafukiza lubani wambiri. Utsi utayamba kuyenda m'tchalitchi ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, mutu uli pakati pa mawondo. Nditadzutsa mutu, a Sajeni anali pa mwala chapafupi.

"Inu ndi utsi," anatero. "Ine ndi ng'oma yaikulu ija ya akwaya. Ikangoti di, di, ndiye kuti ndatuluka."

Ndinaweramitsanso mutu.

"Komanso mayi, benchi ija ndi malo anga. Zaka zambiri ndakhala pamenepo. Inu mwangobwera n'kundilanda."

"Pali dzina lanu?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndimangokuyang'anani." Anaseka pang'ono. "Mukalowa m'nyumba ya eni, mumayamba mwaona potulukira musanapereke moni. Ndikunama?"

"Nanunso ndinu mneneri? Ndatopa nawo."

"Ine ndimagulitsa mazira. Ndingokufunsani, mukafuna musayankhe. Chinthucho chimabwera chokha, osachiitana? Osati ngati nkhani yakale, koma ngati chikuchitika pompano, mpaka fungo lake?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Ndipo pali njira zimene simudutsa. Pali anthu amene mukawaona patali mumakhota."

"Aliyense ali ndi anthu amene safuna kukumana nawo."

"Zoona. Nanga mwana wanu akaseka, mumamva kukoma?"

Pamenepo ndiye anandilasa. 

Anandiuza zawo osandiyang'ana, akukanda pansi ndi kamtengo. Anati atabwera kuchokera ku Kongo, ana a aneba anaphulitsa makombola a Khirisimasi, iwo n'kugwetsa akazi awo pansi n'kuwagonera pamwamba, akukuwa kuti asadzutse mutu. Tsiku lina anawakanyanga pakhosi poti anawadzutsa mowagwedeza. Akaziwo anapita kwawo ku Thyolo osabweranso. Kwa zaka zitatu ankamwa kachasu kuti agone, akumakhulupirira kuti anzawo a kuntchito anawalodza.

"Mpaka dokotala wina anandifunsa mafunso omwe ndakufunsaniwa. Ndinadabwa kuti wawadziwa bwanji, ngati amagona pansi pa bedi langa. Anati tilipo ambiri. Asilikali, a ngozi za pamsewu, ogwiriridwa, aja madzi anawakokolera ana ku Chilobwe. Matendawa ali ndi dzina lake lachizungu lalitali, amangolidula kuti PTSD. Si misala. Ndi bala, koma la m'maganizo. Zoopsa zinatha, koma thupi silinauzidwe."

"Ndiye mwachira? Si inu mwathawa ng'oma?"

"Ndathawa, koma ndibwereramo ikasiya. Kale ndikanafika kunyumba n'kuswa mbale." Anaimirira n'kusansa thalauza. "Pachipatala chaching'ono cha ku Ndirande kuno pali nesi woona za maganizo, amabwera Lachitatu. Mupite kapena musapite. Koma Lamulungu likubwerali benchi ija ndi yanga."

Ndinapita ndi mtima wokaseka. Ndinapeza kamtsikana kovala magalasi, koti ndikanakabereka ine. Ndinati m'mtima, aka kadziwa chiyani, kanaonapo moto woposa wa kandulo? Koma nditangolowa kanaima n'kufunsa kuti, "Mayi, chitsekochi titseke kapena tichisiye chotsegula?"

Chibwerereni ku Joni, kupatula a Sajeni, ameneyo anali munthu woyamba kundifunsa m'malo mondiuza.

Sanandipatse jakisoni, sanandigwire pamutu. Anafunsa kuti zinayamba liti, zatha miyezi ingati, zimandiletsa kuchita chiyani. Anati munthu aliyense akaona zoopsa amasokonezeka masiku oyamba, koma zikapitirira mwezi ndi miyezi, mpaka ntchito kuima, abale kukuopa, pamenepo mpofunika thandizo. Anati kulota zomwezomwezo, kudzidzimuka, kupsa mtima msanga, kuzemba malo, kuuma mtima ngakhale pa mwana wako, kudziona ngati ndiwe woipa kuposa anthu onse, zonsezo ndi nthambi za chinthu chimodzi. Ine ndinkaziyesa matsoka osiyanasiyana ondigwera pa nthawi imodzi.

Anandiphunzitsa zinthu zooneka zopusa. Utsi ukandipeza ndiponde pansi zolimba, ndipume pang'onopang'ono, nditchule mokweza zimene ndikuona: chidebe, nkhuku, waya woyanikapo zovala. Azimayi a pa kiyosiki anapeza choseketsa chatsopano. Aseke. Tsiku loyamba limene alamu anayatsa jumbo ine n'kukhalabe pakhonde, ndikunjenjemera koma ndili ku Ndirande, ndinalowa m'nyumba n'kugona mpaka masana.

Za dzanja lija ndinamuuza nesi pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Zinanditengera ola lathunthu. Sananene kuti sindinalakwe, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangoti mwendo wa munthu amene akutsamwa ndi utsi sufunsa mutu, ndiponso kuti mwendo womwewo ndi umene unamenya Tamanda. Anandiuza kuti ndibwere naye mwanayo. Tamanda anamvetsera zonse, lilime likukhudza dzino lobenthuka lija. Tikutuluka anafunsa kuti, "Ndiye sikuti mumadana nane?" Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo.

Achimwene nditawafotokozera anati amenewo ndi matenda a azungu, munthu wakuda sadwala maganizo. Alamu anati nesiyo ndi mwana, za mizimu sangazidziwe. Sindinalimbane nawo. Ndinasinthanitsa mashini amagetsi aja ndi opalasa ndi mapazi, amene kulira kwake n'kwina, n'kupeza chipinda ku Chilomoni. Tamanda ananyamula yekha chikwama chake, palibe anamuletsa. Nyumba ija ndinawasiyira, azikolezeramo majumbo awo.

Kunatsala ku Bangwe. Nesi sanandikakamize. Ndinanyamuka ndekha Loweruka lina m'mawa, ndipo pa Limbe ndinatsika minibasi kawiri isananyamuke. Kachitatu ndinakhala.

Mayi ake a Esnati ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero. Anali atachepa thupi. Anandizindikira, koma sanaimirire. Anandilozera mpando ndi chibwano.

"Mwabwera," anatero. "Chaka chatha ndi miyezi."

"Ndabwera, amayi."

"Anthu akuti munamupereka mwana wanga."

"Ndamva."

"Ine zimenezo sindinazikhulupirire. Esnati sakanagulika, analibe phindu ngakhale kwa satana, ankangoseka." Anataya kamwala kunja kwa lichero. "Nanga chinakuletsani kubwera n'chiyani?"

Ndinawauza. Za loko, za hita, za windo. Za dzanja ndi mikanda yake, ndi zimene mwendo wanga unachita. Sindinachepetse kanthu. Ndinkayembekeza kuti akuwa, aitana anthu, kapena andigenda ndi lichero. Anangosiya kusankha, manja ali mu nyemba.

Patapita nthawi anati, "Ndiye mwanena. Mwapepukidwa."

"Sindikudziwa, amayi."

"Mwapepukidwa ndithu, nkhope ikuoneka. Mwanditula ine. Nanga ine ndikatule kwa yani?"

 Nesi anali asanandiphunzitse zimenezo.

"Musayembekeze kuti ndinena kuti zilibe kanthu. Sindinena. Mwina tsiku lina, mwina ayi." Anayambanso kusankha. "Amene anakhoma chitsekoyo ali moyo?"

"Ali moyo."

"Amagona?"

"Ndikhulupirira amagona bwino kwambiri."

Anafwenthera kumbali. Tinakhala choncho, nkhuku zikutola nyemba zoola zimene ankataya. Sanandipatse madzi, ndipo sindinayembekeze. Dzuwa litafika pamutu ndinatsanzika. Ndinali nditafika pa kampanda ka kutsogolo pamene anandiitana, koyamba kunditchula dzina.

"Tsiku limenelo, m'mawamo. Anali atadya?"

Ndinaima. Miyezi yonseyo mutu wanga unkangondionetsa utsi, ndipo za m'mawa umenewo ndinali ndisanaziganizepo ndi kamodzi komwe. Zinabwera zonse bwinobwino.

"Anadya, amayi. Tiyi ndi buledi wopaka majarini. Anamaliza wake n'kundilanda wanga theka."

Mayi aja anagwedeza mutu kangapo.

"Ndi yemweyo," anatero. "Kazipitani. Mudzabwerenso nyemba zikadzapsa."